Tsiku Limene Malume Anakhuza Maliro ku Queenswood

Pulani yonse inakonzedwa Lamlungu masana ku Montana, kuseri kwa nyumba yosatha kumanga yomwe Malume Zakeyu ankalondera. Eya, Malume anali mlonda. Zimenezo muzisunge.

Ine Amayi anandituma kukapereka bulangete ndi nkhuku yokazinga, chifukwa Julaye wa ku Pretoria sacheza, komanso Amayi amaonabe mlongo wawoyo ngati kamwana kaja ankakabereka kumsana ku Ntcheu. Nditapereka, ndinakhala pathumba la simenti kudikira kontena yathu ya nkhukuyo. Dzina langa ndine Pilira, ndipo vuto langa ndi loti pagulu sinditha kuyankhula. Ndamaliza Fomu 4 chaka chatha aphunzitsi ena asanamvepo mawu anga. Ndikakhala chete kwa kanthawi anthu amaiwala kuti ndilipo, amangonditenga ngati mpando. Ndi mmene ndinamvera zonse.

Analipo atatu, atazungulira kireti ya mowa. Malume anzawo amawatchula kuti Enjiniya, chifukwa tsiku lina anamugwirirapo makwerero munthu wokonza magetsi. Panali Fatsani, wotchuka ndi dzina loti Lodishedi, chifukwa amazima nthawi ina iliyonse popanda chenjezo: mukucheza naye bwinobwino, mwangomva mkonono. Wachitatu anali Dumisani, Sikirapu, amene amayenda ndi tirole kutola zitsulo, ndipo chitsulo sachidutsa, kaya chili ndi mwini wake kaya ayi.

"Madolo, tcherani khutu," anatero Malume, akujambula pansi ndi msomali. "Iyi ndi nyumba ya Madamu aja a ku Queenswood, kumene amagwira ntchito Achemwali anga. Iyi ndi galaja. M'galajamu muli maovaova."

"Ovaova ngati wa apolisi?" anafunsa Sikirapu.

"Atsopano, aise, akununkhirabe sitolo. Ndili ndi mfana wanga kutauni, akuti ndingobweretsa, zinazo ndi zake."

Apa ndifotokoze pang'ono. Mumsewu umene timakhala anthu ali ndi gulu la chitetezo. Amagwira ntchito limodzi ndi apolisi komanso kampani ya alonda, madzulo amavala mabibu owala n'kumayendayenda. Khonsolo inawapatsa matochi ndi mawailesi oyankhulirana, maovaova aja. Wapampando wa gululi ndi Madamu Lategan, abwana a Amayi, omwe amayenda ndi ovaova wawo m'chiuno ngakhale popita kukayanika zovala. Maovaova ena onse amagona m'galaja pa tchaja. Makiyi a galajayo alipo awiri basi: ya Madamu ndi ya Amayi.

"Ukufuna tikabere gulu la chitetezo?" anatero Lodishedi. "Eish, Enjiniya, mowa wakwera kumutu?"

"Ndiye nzeru zake zimenezo, kape iwe. Anthu amenewa maso awo ali panyumba za anzawo. Yawo akuyang'ana ndani? Ine ndikudziwa, ndine mlonda."

Akunena zimenezo Sikirapu n'kuti akuyesa ndi chala mabawuti a makwerero a pamalopo.

"Iwo amayenda kukada," anapitiriza Malume. "Ife tipita Loweruka m'mawa, dzuwa lili gee. Tivala ngati anyamata otola zinyalala aja, maovolosi, tirole ya Sikirapu, ndi zipewa zija zophimba nkhope yonse kungosiya maso. Munaonapo munthu wa ku Queenswood akuyang'ana wotola zinyalala kumaso?"

"Shapu," anatero Sikirapu. "Mara kiyi?"

"Imakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha Achemwali. Lachisanu ndikamwako tiyi. Iwe Sikirapu, tsiku lomwelo ukazungulire msewu uone mmene ulili. Kuona kokha, wamva? Manja m'thumba."

"Nanga sisteri akowo sakawakayikira?" anafunsa Lodishedi, maso atayamba kale kulemera.

Malume anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Aaa, Madamu amawakonda. Adzangokalipa pang'ono, mawa lake aiwala."

Limenelo linali bodza, ndipo ine ndinkadziwa. Mayi wina wa ku Balaka amene ankagwira ntchito panyumba yoyang'anizana nafe anachotsedwa chifukwa cha ndolo imodzi yomwe inasowa. M'mawa anali pantchito, madzulo katundu wake anali pageti. Ife timakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Madamu. Ntchito ikatha, chipinda chatha. Ndipo azing'ono anga awiri kumudzi sukulu yawo yatsamira patsache la Amayi.

Ndinadzuka kuti nditenge kontena. Malume anadzidzimuka mpaka kutaya mowa.

"Pilira! Ukadalipo? Wamva chiyani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Musadandaule, madolo," anaseka. "Uyu ngakhale nyumba ikupsa amangoyang'ana pansi."

Lodishedi anali atazima.

Sabata imeneyo ndinayesa kuwauza Amayi. Ndinayesadi. Ndinkakonza mawu bwinobwino m'mutu, kuwaika mumzere ngati ana pa asembule, koma ndikangoti "Amayi," iwo ankayamba okha: "Bulangete lija analikonda malume ako? Mwana ameneyu akuvutika, Pilira. Anthu samumvetsa chabe." Mawu anga onse ankabalalika.

Lachisanu masana ndinamva likhweru la Malume pageti. Ndinachotsa kiyi pamsomali, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuikwirira pansi penipeni m'chitini cha shuga. Ndinadziona ngati munthu wanzeru kwambiri.

Malume analowa, anapereka moni, anasuzumira kuseri kwa chitseko ngati akufuna pokoleka jekete. Msomali unali wokhawokha. Nkhope yawo inagwa. Anakhala pabedi ngati munthu amene wasiyidwa ndi basi.

"Zakeyu, ukuoneka wofooka," anatero Amayi. "Imwa tiyi. Pilira, apatse shuga malume ako."

Chimene ndinaiwala n'choti Malume sathira shuga mu tiyi. Amathira tiyi mu shuga. Supuni inalowa, inatuluka, inalowanso, inakumba ngati fosholo. Kenako ndinamva ngwee. Malume anasuzumira m'chitini, anayang'ana kudenga ngati munthu amene pemphero lake layankhidwa pompopompo, ndipo Amayi atatembenuka kukazimitsa ketulo, kiyi inali m'thumba.

"Achemwali," anatero akupukuta pakamwa, "shuga wa ku Joni ndi wokoma bwanji."

Sikirapu nayenso anagwira ntchito yake tsiku lomwelo. Anazungulira msewu manja ali m'thumba monga anauzidwira, mpaka anafika pakona, pafupi ndi geti ya Madamu, n'kuona chivundikiro chachitsulo cha dzenje la ngalande. Manja anatuluka okha. Chivundikirocho chinakwera tirole, ndipo Malume sanauzidwe kanthu.

Loweruka m'mamawa dzenjelo analipeza ndi Abambo Ismaili, bambo wachikulire wa ku Machinga amene amasamalira maluwa panyumba yoyandikana nafe. Anaimbira foni akhonsolo, koma podikira sanafune kuti mwana wa munthu agweremo. Anadula nthambi za mpanda wawo, zina anaunjika padzenjepo, zina anayala mopingasa msewu, kumtunda ndi kumunsi, kuti magalimoto aziyenda pang'onopang'ono.

Palinso china chimene Enjiniya sanachiwerengere. Sabata yonse pamapolo a magetsi panali zikwangwani zoti Loweruka kubwera komiti ya khonsolo kudzaona mmene gulu la chitetezo likuyendera: ngati zipangizo zimene anapereka zilipo, ngati gululo likumvana ndi apolisi, komanso kudzatsegulira kamera yatsopano ya pakona. Malume anaziona zikwangwanizo. Anati ndi za agalu osowa.

Motero pofika m'mawawo, pakapinga wa kutsogolo kwa nyumba ya Madamu panali tenti yoyera ndi mipando yapulasitiki. Anthu onse anali m'majekete akuda chifukwa cha kuzizira. Kutsogolo kunali tebulo la nsalu yoyera, maluwa, ndi chinthu chonga bokosi chophimbidwa ndi nsalu. Ine ndi Amayi tinali patebulo la tiyi ndi masikono, kumbali. Msonkhano unatsegulidwa ndi agogo ena aamuna amene anayamba pemphero la Chiafrikansi, ndipo zinaonekeratu kuti alibe malingaliro olimaliza. Anthu onse mitu pansi.

Za kugalaja anandifotokozera ndi Lodishedi pambuyo pake. Galajayo chitseko chake chimayang'ana kamsewu ka m'mbali, kumene tenti sinkaoneka. Akuti zonse zinayenda ngati mafuta. Kiyi inazungulira, maovaova anali ndanda pashelefu, timagetsi tawo tobiriwira tikuphethira.

"Tiwazimitse?" anafunsa Sikirapu.

"Usakhudze batani lililonse," anatero Malume. "Zinthu zimenezi ukazimitsa zimalira kupolisi. Ine ndi Enjiniya, ndikudziwa."

Anawalongedza m'chikwama chakumsana ali oyaka, anakhoma chitseko bwinobwino, n'kuyamba kukankha tirole kubwerera kumene anachokera. Asanapite patali, galimoto ya apolisi inakhota n'kuima kumunsi kwa kamsewuko. Anali apolisi obwera kumsonkhano, akufuna poimika galimoto.

"Osathamanga," ananong'ona Malume. "Tembenukani mwaulemu. Tidzera kutsogolo."

Anakwera kamsewuko, anakhota pakona. Kuyambira apa ndinaona ndi maso anga.

Malume anaima chiriri, mpaka tirole inawagunda zidendene. Patsogolo pawo panali masamba aawisi oyalidwa mopingasa msewu. Anayang'ana masambawo. Anayang'ana tenti, mipando, majekete akuda, mitu yowerama, maluwa, ndi kabokosi kophimbidwa. Aliyense wokulira kwathu akudziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula. Ndipo Malume akhoza kukuberani foni mukuwapatsa moni, koma chibadwire sanadutsepo pamaliro chipewa chili kumutu.

Pempherolo linali la mawu apansipansi, choncho manong'onong'o awo ankafika patebulo la tiyi.

"Zovuta," anatero Malume. "Pakhomo pa Madamu pagwa zovuta. Vulani zipewa."

"Enjiniya," anatero Lodishedi, "zipewazi ndiye zikutibisa."

"Vula, mwana wopanda mwambo iwe! Abwana a Achemwali anga aferedwa, ife tidutse ngati mbuzi? Zikamveka kumudzi ndikaonetsa nkhope yanji?"

"Koma apa," anayamba Sikirapu, akuyang'anitsitsa mulu wa nthambi uja, "apa si paja dzulo ndina..."

"Shh! Pamaliro sayankhulayankhula."

Anavula. Onse atatu, mmodzimmodzi, anasolola zipewa zophimba nkhope zija n'kuzigwira pachifuwa, ataima ndendende pansi pa polo imene panali kamera yatsopano. Kenako anayamba kuyenda chowerama, akukoka miyendo monga timachitira.

Akanangodutsa mwina akanapulumuka. Koma mnyamata wina wa bibu yowala, amene anaikidwa kuti azilandira anthu, anawaona akuyenda mwaulemu chonchija, anawamwetulira n'kuwalozera mipando itatu yopanda anthu pakati penipeni pa tenti. Malume sakanakana. Munthu sakana mpando pamaliro. Anasiya tirole pamsewu, koma chikwama anachitenga.

"Chisiye mu tirole," anatero Sikirapu.

"Wapenga? Pamaliro pamachuluka akuba."

Analowa mumzere akugwira anthu chanza ndi manja awiri. "Pepani. Pepani kwambiri. Sore, sore." Anthu ankangotsegula diso limodzi n'kugwedeza mutu. Amayi anali chogwada, maso ali tseke, sanaone kanthu.

Atakhala pansi, Malume anayamba kufufuza womwalira. "Ayenera kuti ndi abwana aamuna. Ankatsokomola moipa."

"Si awo akhala kutsogolowo?" anatero Sikirapu.

Malume anakweza khosi. Abwana aamuna anali amoyo ndithu, akukanda khutu.

"Ndiye ndi wachibale. Waona kabokosi ako? Azungu amawotcha maliro. Phulusa lili m'menemo."

"Kabokosi kopyapyala choncho?"

"Anali wowonda."

Lodishedi mutu unali utagwera pachifuwa. Pemphero lalitali, mpando wabwino, kadzuwa kolowa m'mbali mwa tenti: magetsi anali atapita.

Potsiriza agogo aja anati ameni. Apolisi aja anafika, ndipo sajeni wawo, bambo wamkulu ngati firiji, anakhala kumapeto kwa mzere wa a Malume, kutseka njira. Kenako anaimirira Khansala, mayi wa magalasi akuluakulu ndi mawu omveka mpaka msewu wachitatu. Anapereka moni m'zinenero zingapo, n'kunena kuti komiti yake sinabwere kudzamwa tiyi, yabwera kudzaona ngati mgwirizano wa anthu, apolisi ndi alonda ukugwiradi ntchito. Ali mkati moyankhula, maso ake anagwera pa maovolosi atatu aja.

"Taonani!" anatero. "Ndayenda m'madera ambiri, koma aka n'koyamba kuona abale athu otola zinyalala atabwera pamsonkhano wa chitetezo. Mgwirizano ndi umenewu. Tiwaombere m'manja!"

Tenti yonse inatembenuka n'kuwomba m'manja. Malume anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene waponda minga koma ali pamaso pa apongozi. Amayi anawaona tsopano, ndipo nkhope yawo inawala. "Taona, Pilira," ananong'ona. "Ndinkanena ine. Mwana ameneyu ndi wabwino."

Kenako Khansala anakoka nsalu ija. Womwalira uja anali sikirini. Mnyamata wa kampani ya alonda anaitsegula, nati aonetse mmene kamera imajambulira, abweze m'mbuyo pang'ono. Pasikirinipo panaoneka anthu atatu ophimba nkhope akukankha tirole. Anaima. Anakangana. Kenako anavula zipewa mmodzimmodzi, nkhope zili mbee, mpaka chipsera cha pamphumi pa Malume chinkaoneka.

"Mwaona kuwala kwake?" anatero mnyamatayo monyadira. "Wakuba sangathawe apa."

Anthu anasekerera, ena anawombanso m'manja. Sajeni anawasisita Malume paphewa. Kunja kunkazizira koma Malume thukuta linali kamukamu.

"Chabwino," anatero Khansala. "Tsopano zipangizo. Tione maovaova amene tinapereka."

"Enifa," anaitana Madamu, "katenge maovaova m'galaja."

Amayi anapita mothamanga. Anachedwa. Atabwerera, manja awo anali m'thumba la epuloni, akupotokola nsalu.

"Madamu, kiyi sindikuiona. Inali pamsomali."

Madamu anafwenthera, anamasula ovaova wawo m'chiuno n'kumuika patebulo langa pafupi ndi masikono kuti afufuze bwino makiyi m'chikwama, kenako anapita okha. Pobwera nkhope yawo inali yofiira ngati phwetekere.

"Mulibe. Shelefu yonse mbee." Anatembenukira kwa Amayi. "Chitseko sichinathyoledwe, Enifa. Chinali chokhoma. Makiyi alipo awiri, yanga ndi iyi. Yako ili kuti?"

Khansala anavula magalasi. Sajeni anaimirira pang'onopang'ono. Kumbuyo mayi wina ananena chapansipansi kuti iye ankanena kale, antchito a m'nyumba ndi amene amatsegulira akuba.

"Madamu, ine sindikudziwa," anatero Amayi. Mawu awo anali aang'ono ngati anga. "Zaka zonsezi, Madamu, ndinatengapo chiyani?"

"Sindikudziwanso," anatero Madamu. "Lero wandichititsa manyazi pamaso pa khonsolo."

Ndinayang'ana Malume. Ndinkadikira kuti aimirire. Ndinkati munthu amene wavulira chipewa maliro a munthu wosamudziwa sangasiye mlongo wake akumira. Malume anayang'ana pansi, ndipo ndinaona chidendene chawo chikukankhira chikwama mkati mwa mpando.

Ndinatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Anthu onse aja, majekete onse aja, apolisi, Khansala. Ndinayesanso, kunangotuluka mpweya.

Ovaova wa Madamu anali pomwepo, pafupi ndi dzanja langa. Batani lake ndinkalidziwa, la m'mbali, Madamu amalidina tsiku lonse. Ndinafulatira anthu ngati ndikuthira madzi mu tiyipoti, ndinamunyamula, ndinadina, n'kunong'ona. Sindinkaganiza n'komwe za chimene chichitike. Ndinkangofuna kuwauza Malume popanda kuyang'ana munthu.

"Malume, bwezani. Amayi achotsedwa ntchito."

Pansi pa mpando, chikwama chinayankhula. Maovaova onse aja nthawi imodzi, ndi mawu anga, koma aakulu ngati a pa lawudisipika ya pamsika. MALUME, BWEZANI. AMAYI ACHOTSEDWA NTCHITO. Ine ndemwe ndinadzidzimuka. Sindinkadziwa kuti ndimamveka choncho.

Woyamba kudumpha anali Sikirapu.

"Anatsirika!" anakuwa. "Enjiniya, katunduyu ndi wotsirika! Akuyankhula Chichewa!"

Anagwetsa mipando, anadumpha miyendo ya agogo a pemphero aja, anatulukira kumbali kwa tenti n'kuliyatsa liwiro kulowera pakona. Anafika pamulu wa nthambi, anapondapo, n'kuzimirira. Tinangomva phu, kenako mawu ochokera pansi akuitana amayi ake a ku Dedza.

Abambo Ismaili anayenda mosafulumira, manja kumbuyo, n'kusuzumira m'dzenjemo.

"Muli bwanji kumeneko, achimwene?" anafunsa. "Poti muli komweko, mutandiuzako, chivundikiro chake munachionako?"

Malume anayesa nzeru yomaliza. Anaimirira atanyamula chikwama m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Tawapeza! Mayi Khansala, tawatola mu bini! Timabweretsa ife, mgwirizano uja mumanena!"

Sajeni anawayandikira. Anangopisa m'thumba la ovolosi ya Malume n'kutulutsa kiyi. Anaiyang'ana, anaisisita ndi chala, anainunkhiza. Inali yomatamata, shuga atakakamira m'mano ake.

Madamu anailandira n'kutembenukira kwa Amayi. "Enifa, munthuyu ndi m'bale wako, ndamuonapo pano. Unamupatsa ndi iwe?"

Amayi anayang'ana kiyi, anayang'ana shuga, anayang'ana Malume. Kenako anawerama mofatsa n'kuvula patapata.

"Achemwali, tadikirani, ndifotokoze..."

"Ndinakubereka kumsana ine! Unkandikodzera iwe! Ndakutumizira bulangete, ndakukazingira nkhuku, iwe ukundithira dothi m'chakudya cha ana anga?"

Patapata inalira. Malume anathawira kuseri kwa tebulo la maluwa, Amayi anawapeza. Anazungulira sikirini, Amayi anawadulira kutsogolo. Anabisala kumbuyo kwa abwana aamuna, ndipo abwanawo analandirako imodzi yosochera. Pamapeto pake Enjiniya, dolo wa madolo, anathamangira kwa sajeni atatambasula manja awiri.

"Bwana, ndimangeni! Chonde, fulumirani!"

Panafunika apolisi awiri kuti awagwire Amayi, ndipo mmodzi yekha kuti amange Malume.

Khansala anali atakhala pansi, akupukuta misozi ya kuseka ndi mpango. Atapezanso mpweya anati, "Mayi Lategan, ine ndaona maumboni ambiri, koma uwu ndi womveka. Mayi awa sakudziwa kanthu. Ndipo amene wayankhula mu ovaova uja ndani?"

Anthu onse anayang'ana kutebulo la tiyi. Ine ndinayang'ana nsapato.

"Ndi mwana wanga," anatero Amayi, akupumira m'mwamba, patapata ikadali m'manja.

"Ndiye ndifunse," anatero Khansala. "M'gulu lanuli muli antchito a m'nyumba angati? Osamalira maluwa angati? Dzenje alitchinga ndi bambo awo, maovaova wapeza ndi mtsikana uyu. Inu masana muli kuntchito, iwo ali mumsewu muno. Tikamabweranso ndidzawapeze atakhala pamipando, osati kuseri kwa tiyipoti."

Madamu anapita kwa Amayi, anaima kanthawi ngati akufunafuna mawu m'chikwama, kenako anatsegula dzanja la Amayi n'kuikamo kiyi yomatamata ija.

"Pepa, Enifa. Lolemba maovaova uwaike pa tchaja monga mwa masiku onse."

Sikirapu anamukoka ndi chingwe cha galimoto, akununkha moti apolisi anakangana za amene akhale naye kumbuyo. Lodishedi anamupeza pampando womwe uja, pakamwa pali yasa. Sajeni atamugwedeza, anatsegula maso, anaona mipando yogwa ndi anthu akubalalika.

"Eish, ndagona," anatero. "Ayika kale?"

Galimoto ya apolisi inanyamuka pang'onopang'ono chifukwa cha nthambi zija. Ndinawaona Malume pawaya wa pawindo lakumbuyo. Anali atavalanso chipewa chawo, mwina chifukwa cha kuzizira, mwina manyazi. Matayala ataponda masamba, ndinawaona akukweza manja onse awiri, maunyolo ali lende, n'kuchivulanso.

Titamaliza kusonkhanitsa makapu, Amayi anaima pasinki ya m'kachipinda kathu akutsuka kiyi ndi burashi yakale ya mano. Sanandiyang'ane.

"Kiyi imeneyi inalowa bwanji mu shuga?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ulendo wina, Pilira, uzindiuza. Pakamwa pakakana, uzibisa mu sopo. Malume ako sopo samukhudza."

Anaikoleka pamsomali pake, anapukuta manja, anakhala pabedi. Anayang'ana patapata yawo yomwe lamba wake anali ataduka.

"Mawa ulawirire ku Montana," anatero. "Ukatenge bulangete lija. Kuselo kumazizira."